Kupanga Kapena Kugula: Ndalama Zoyenera Kuwerengera Posankha Chochita pa Bizinesi

M'mawodi ambiri a boma lino muli magulu a amayi, magulu a achinyamata ndi makopaletivu omwe akuchita mabizinesi ang'onoang'ono monga kuweta nkhuku, kusoka zovala, kuphika buledi, kupera chiponde ndi kuyenga mafuta a mpendadzuwa. Mpamba wa magulu amenewa kawirikawiri umachokera ku banki mkhonde kapena ku ngongole za mabungwe obwereketsa ndalama. Ngongole yotere siidikira kuti bizinesi iyambe yakhwima. Tsiku lobweza likakwana imafunika pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo chiganizo chimodzi cholakwika chikhoza kudya phindu la miyezi ingapo.

Ziganizo zomwe zimagwetsa magulu nthawi zambiri ndi za tsiku ndi tsiku. Gulu limafuna kudziwa ngati lipitirize kudzipangira chinthu kapena liyambe kugula chopanga kale. Ngati livomere ntchito yomwe yabwera ndi mtengo wotsika. Ngati ligulitse mbewu monga yachokera kumunda kapena liyambe laikonza. Akatswiri owerengera ndalama ali ndi njira yoyankhira mafunso otere, ndipo njirayo siifuna maphunziro apamwamba. Imafuna kope, cholembera ndi luso losiyanitsa ndalama zomwe zikukhudza chiganizocho ndi zomwe sizikuchikhudza.

Mafunso atatu oyambira

Msungichuma akamalemba ndalama zomwe bizinesi imawononga, amalemba zonse: zipangizo, lendi, malipiro a mlonda, chiphaso cha bizinesi, mtengo wa makina. Kutero n'koyenera pofuna kudziwa ngati bizinesi yapindula pakutha pa chaka. Koma posankha pakati pa njira ziwiri, ndalama iliyonse iyenera kuyesedwa ndi mafunso atatu.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi ndalamayi idzatuluka m'tsogolo kapena inatuluka kale? Yomwe inatuluka kale singabwerere, kaya gulu lisankhe njira iyi kapena iyo. Madzi akatayika saoleka. Makina omwe anagulidwa zaka ziwiri zapitazo analipiridwa kale, ndipo mtengo wawo wogulira sungauze gulu chochita mawa.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi ndalamayi isintha malinga ndi njira yomwe yasankhidwa? Lendi ya nyumba, malipiro a mlonda ndi chiphaso cha ku khonsolo zimalipiridwa chimodzimodzi ngakhale gulu litasiya kupanga chinthu chimodzi mwa zinthu zake. Ndalama yomwe ili mbali zonse ziwiri za sikelo siipendeketsa sikeloyo, choncho imaikidwa pambali.

Funso lachitatu ndi lakuti: kodi posankha njira iyi, gulu likusiya phindu lanji lomwe likanapeza pa njira ina? Phindu losiyidwalo silioneka pa lisiti iliyonse, komabe ndi ndalama yeniyeni yomwe ikanalowa m'thumba la gulu. Liyenera kuwerengedwa monga momwe zimawerengedwera ndalama zogulira zipangizo.

Ziwerengero zonse za ndalama m'zitsanzo zotsatirazi ndi zongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengeredwe. Gulu lililonse liyenera kuikamo mitengo ya pamsika wa kwawo ya tsiku lomwe likuwerengera.

Chakudya cha nkhuku: kusakaniza kapena kugula

Nkhuku ya mazira imadya pafupifupi magalamu 120 patsiku. Gulu lomwe lili ndi nkhuku 280 limafuna makilogalamu pafupifupi 1,000 pamwezi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Gulu lotere lakhala likudzisakanizira chakudya m'chipinda chimodzi cha nyumba yomwe limachita lendi. Tsiku lina wogulitsa chakudya cha ziweto akulonjeza kulipatsa thumba pa K60,000, ndipo kunyamula thumba limodzi kufika pakhola ndi K2,000. Kugula matumba 20 kudya K1,240,000 pamwezi.

Msungichuma atsegula kope ndi kuwerenga zomwe gulu limawononga pamwezi podzisakanizira:

Chimanga ndi madeya: K520,000
Soya: K400,000
Laimu, mchere ndi mavitamini: K110,000
Kugaitsa, magetsi ndi aganyu: K90,000
Gawo la lendi: K60,000
Gawo la malipiro a mlonda: K40,000
Kutsika mtengo kwa makina osakanizira: K50,000

Zonse pamodzi zikukwana K1,270,000, kutanthauza K63,500 pa thumba. Poyerekeza ndi K62,000 ya chogula, mamembala ambiri aganiza kuti kugula kupulumutsa K30,000 pamwezi.

Mizere itatu yomalizayo ikayesedwa ndi mafunso aja, chithunzi chimasintha. Mwininyumba adzafunabe lendi yake yonse, chifukwa nyumbayo imasungiranso mazira ndi ziwiya. Mlonda adzalondabe khola ndi kulandira malipiro omwewo. Kutsika mtengo kwa makina ndi njira chabe yogawira m'mabuku ndalama yomwe inalipiridwa kale, ndipo palibe amene amailandira mwezi ndi mwezi. Ndalama zomwe zingaleke kutuluka gulu likasiya kusakaniza ndi za mizere inayi yoyamba, zomwe ndi K1,120,000, kapena kuti K56,000 pa thumba. Gulu likayamba kugula, lidzaleka kulipira K1,120,000 n'kuyamba kulipira K1,240,000. M'malo mopulumutsa K30,000, lidzataya K120,000 mwezi uliwonse.

Pali cholakwa china chomwe chimakokera mbali inayo. Mamembala ena anganene kuti chimanga chichotsedwe pa mndandanda chifukwa ndi cha m'munda wa gulu, sichinagulidwe. Chimanga chimenecho si chaulere. Chikanapanda kupita kukhola chikanagulitsidwa, ndipo mtengo womwe chikanapeza pamsika ndiwo uyenera kulembedwa. Gulu lomwe limawerengera zokolola zake ngati zaulere limadziona ngati likupindula, pomwe likungosamutsa phindu la kumunda kupita nalo kukhola.

Yankho limathanso kutembenuka pakabwera mwayi wina. Ngati wamalonda wina atapempha chipinda chosakaniziracho kuti azisungiramo katundu pa K180,000 pamwezi, ndalama imeneyi imakhala phindu lomwe gulu likusiya popitiriza kusakaniza. Mtengo weniweni wodzisakanizira umafika K1,300,000, ndipo kugula kumakhala kotsika ndi K60,000. Chimodzimodzinso makina aja: mtengo womwe anagulidwira ulibe ntchito, koma ngati pali wina wofuna kuwagula lero, ndalama yomwe angapereke iyenera kuganiziridwa, popeza imeneyo ndi ya m'tsogolo ndipo ingabwere pokhapokha gulu litasiya kusakaniza.

Nyengo nayo imasintha yankho. Mitengo ya chimanga ndi soya imatsika m'miyezi yokolola ndipo imakwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Gulu lomwe lilibe mpamba wogulira zipangizo zambiri pa nthawi yokolola likhoza kupeza kuti kusakaniza kumapindulitsa miyezi ina, pomwe miyezi ina kugula n'kwabwino. Kuwerengera kotere kumafunika kubwerezedwa, kosachepera kawiri pachaka.

Zomwe kope siliona

Kupulumutsa K120,000 kuli ndi tanthauzo pokhapokha chakudya chodzisakanizira chikufanana mphamvu ndi chogula. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zomwe zimalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya, n'chifukwa chake amayenera kuyamba wakazingidwa. Laimu akachepa, zikamba za mazira zimafewa ndipo mazira amasweka. Chimanga chomwe chinachita chuku chimakhala ndi poizoni yemwe amafooketsa nkhuku ndi kuchepetsa kuikira. Ngati chifukwa cha zolakwika zotere khola litayamba kutsika ndi mazira 20 patsiku, pamwezi atayika mazira 600, omwe ndi mathireyi 20. Pa mtengo wa K8,000 pa thireyi, gulu lataya K160,000, kuposa zomwe limati likupulumutsa.

Kugula nako kuli ndi zoopsa zake. Wogulitsa akhoza kukweza mtengo gulu litagulitsa kale makina ake. Mafuta a galimoto akasowa kapena msewu ukaduka nthawi ya dzinja, chakudya chimachedwa, pomwe nkhuku sizingagone ndi njala podikira lole. Aganyu omwe amasakaniza chakudya, omwe mwina ndi achinyamata a m'mudzi momwemo, ataya ntchito. Zinthu izi sizilowa mosavuta m'mizere ya ndalama, koma ziyenera kukambidwa pamsonkhano chiganizo chisanamangidwe.

Ntchito yobwera ndi mtengo wotsika

Telala amagulitsa yunifolomu ya sukulu pa K15,000. Pa yunifolomu iliyonse amawononga K7,000 pa nsalu, K1,000 pa ulusi, mabatani ndi zipi, komanso K2,000 kulipira wosoka yemwe amalandira malinga ndi zovala zomwe wamaliza. Akaonjezera gawo la lendi ndi chiphaso, lomwe ndi K3,000, amapeza K13,000. Komiti yothandiza ana ovutika ikubwera ndi ntchito ya mayunifolomu 100 koma ingathe kulipira K12,000 yokha pa iliyonse.

Poona koyamba ntchitoyi ikuoneka yotayitsa K1,000 pa chovala. Koma lendi ndi chiphaso telalayo alipira ndithu, avomere kapena akane. Ndalama zomwe zingatuluke chifukwa cha ntchitoyi ndi K10,000 pa chovala, ndipo K2,000 yotsalayo ikachulukitsidwa ndi 100 ikupereka K200,000 yomwe sakanaipeza. Ngati ntchitoyi yabwera pakati pa teremu, makina ali chikhalire, kuikana n'kutaya ndalama.

Ntchito yomweyo ikabwera sukulu zili pafupi kutsegulira chaka chatsopano, nkhani imakhala ina. Nthawi imeneyo makina sapuma, ndipo kuti asoke za komiti telalayo ayenera kubweza makasitomala ake a nthawi zonse. Yunifolomu iliyonse ya K15,000 imamusiyira K5,000. Akabweza makasitomala 60 wataya K300,000 pofuna kupeza K200,000. Kusiyana kwa nthawi ziwirizi kwagona pa funso lachitatu lija, la phindu losiyidwa.

Telala wanzeru amafunsanso tsiku lomwe ndalama idzaperekedwe. Ngati agula nsalu ndi ngongole ya banki mkhonde n'kudikira malipiro miyezi iwiri, chiwongoladzanja cha miyezi imeneyo chimachotsedwa pa K200,000 ija. Ayeneranso kulingalira zomwe makasitomala ena adzanene akamva kuti ena asokeredwa motchipa. Mtengo wapadera umayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, monga kuchuluka kwa zovala, kuti usasanduke mtengo wa aliyense.

Katundu wa m'sitolo ndi kugwa kwa kwacha

Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Nthawi zotere mitengo ya katundu wochokera kunja, monga nsalu, ufa wa tirigu ndi zipangizo za makina, imakwera mofulumira. Wabizinesi yemwe ali ndi nsalu yomwe anagula mitengo isanakwere amakopeka kuwerengera ntchito yatsopano pa mtengo wakalewo. Koma nsaluyo ikatha ayenera kugula ina pa mtengo watsopano. Choncho kwa katundu yemwe amagwiritsidwa ntchito nthawi zonse, mtengo woyenera kulemba ndi wogulira wina lero. Amene amawerengera pa mtengo wakale amagulitsa katundu yense mosangalala, kenaka n'kupeza kuti ndalama yomwe watolera singadzazenso mashelefu.

Katundu yemwe anasiya kuyenda amawerengedwa mosiyana. Nsalu ya mtundu womwe sukulu inasiya kuvala siidzagulidwanso, ndipo mtengo wake ndi womwe ingapeze itagulitsidwa monga ilili, ngakhale utachepa chotani. Kuiumirira podikira mtengo womwe inagulidwira n'kumanga mpamba pachabe.

Kugulitsa mtedza kapena kupera chiponde

Kopaletivu ili ndi makilogalamu 100 a mtedza woswa kale womwe ungagulidwe pa K2,500 pa kilogalamu, zomwe ndi K250,000. Mamembala akuganiza zoupera chiponde. Ndalama zomwe zinapita pa mbewu, kupalira ndi kukumba sizilowa m'nkhaniyi, chifukwa zinatuluka kale ndipo n'zofanana pa njira zonse ziwiri. Choyenera kuyerekeza ndi ndalama yoonjezera yomwe chiponde chingabweretse ndi ndalama yoonjezera yomwe chingadye.

Posankha, pokazinga ndi popukusa, mtedza umachepa kulemera. Ngati patatsala makilogalamu 85, atuluka mabotolo 170 a magalamu 500. Pa K2,600 botolo, kopaletivu ipeza K442,000, yomwe ikuposa ya mtedza wosapera ndi K192,000. Mabotolo ndi zomata zake adya K68,000, kukazinga, kupera ndi mchere K55,000, ndipo kupititsa kumsika K20,000, zonse pamodzi K143,000. Phindu loonjezera ndi K49,000.

Phindu limeneli ndi lenileni koma ndi lopyapyala. Mabotolo 30 okha atalephera kugulidwa, K78,000 yatayika ndipo kupera kwakhala kotayitsa. Mtedza wosapera umapereka ndalama tsiku lomwelo, pomwe chiponde chimadikira ogula. Komanso masitolo akuluakulu amafuna chakudya chokhala ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo ngati kopaletivu ilibe chiphaso chimenecho, ndalama zochipezera ziyenera kulowa m'kuwerengera.

Pamene chinthu chimodzi chikuperewera

Nthawi zina chomwe chimaletsa bizinesi kukula ndi chinthu chimodzi chosowa, monga maola a magetsi, malo a mu uvuni kapena manja a waluso mmodzi. Gulu lophika lomwe uvuni wake ungagwire ntchito maola 6 okha patsiku liyenera kusankha chophika. Buledi mmodzi amasiya K300 zipangizo zake zikachotsedwa, pomwe sikono imodzi imasiya K80. Ambiri angathamangire buledi. Koma pa ola limodzi uvuni umatulutsa buledi 40, omwe ndi K12,000, kapena masikono 200, omwe ndi K16,000. Popeza chosowa ndi nthawi ya uvuni, choyenera kuyerekeza ndi phindu la pa ola.

Msika nawo uli ndi malire. Ngati ogula a m'deralo amatha masikono 600 patsiku, gulu liphike amenewo kwa maola 3 n'kupeza K48,000, ndipo maola 3 otsalawo liphike buledi 120 n'kupeza K36,000. Zonse pamodzi ndi K84,000, kuposa K72,000 yomwe likanapeza pophika buledi yekhayekha.

Kutseka nthambi yooneka yotayitsa

Gulu lomwe limachita ntchito zingapo m'nyumba imodzi limagawa lendi pakati pa ntchitozo. Nthambi yopanga sopo ikhoza kugulitsa K400,000 pamwezi, kuwononga K340,000 pa zipangizo ndi aganyu, kenaka n'kupatsidwa gawo la lendi la K90,000. M'mabuku imaoneka kuti ikutayitsa K30,000. Ikatsekedwa, lendi siitsika, ndipo K60,000 yomwe sopo ankathandizira imasowa. Nthambi iyenera kutsekedwa ngati zomwe imabweretsa zikuchepa poyerekeza ndi zomwe zingaleke kutuluka ikatsekedwa, kapena ngati malo ake angagwire ntchito ina yopindulitsa koposa.

Makomiti a chitukuko nawo akukhudzidwa

Funso la kupanga kapena kugula limafikanso pa matebulo a makomiti a VDC, ADC ndi a sukulu. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Komiti yomwe ikumanga chipinda chophunziriramo iyenera kusankha kuumba yokha mabuloko a simenti kapena kugula oumba kale. Poumba, iwerengere simenti, kubwereka chikombole, mmisiri, kututa mchenga ndi madzi, komanso mabuloko omwe angasweke. Pogula, iwerengere mtengo ndi galimoto yonyamula. Ntchito yomwe anthu a m'mudzi amagwira modzipereka siilipiridwa, komabe m'nyengo yolima tsiku lomwe munthu wathera pa mchenga ndi tsiku lomwe munda wake sunapaliridwe. Komiti yomwe imakumbukira zimenezi imakonza ntchito zotere m'chilimwe.

Malire a njira imeneyi

Kuika pambali lendi ndi mtengo wa makina n'kololedwa pa ziganizo za nthawi yochepa zokha. Bizinesi yomwe chaka chonse imagulitsa pa mtengo wongobweza zipangizo idzalephera kulipira lendi, ndipo makina akadzatha idzasowa chogulira ena. M'kupita kwa nthawi ndalama iliyonse imafika poti ikhoza kusintha: pangano la lendi limatha, mlonda amafuna malipiro atsopano, makina amafunika kulowedwa m'malo. Tsiku lomwe gulu la nkhuku lija lidzafune makina atsopano, mtengo wawo udzakhala ndalama ya m'tsogolo, ndipo funso la kusakaniza kapena kugula lidzayenera kuwerengedwanso kuyambira pachiyambi.

Chomwe gulu lingachite pamsonkhano wotsatira n'chosavuta. Mlembi agawe tsamba la kope pawiri, njira imodzi kumanzere, ina kumanja. Pansi pa njira iliyonse alembe ndalama zomwe zidzalowe ndi zomwe zidzatuluke kuyambira tsikulo kupita m'tsogolo. Mzere uliwonse womwe uli wofanana mbali zonse ziwiri ufufutidwe, ndipo phindu lomwe likusiyidwa lionjezeredwe. Kenaka mamembala akambirane za ubwino wa katundu, kudalirika kwa wogulitsa ndi tsiku lomwe ndalama idzafike m'manja.

Magulu omwe akufuna thandizo pa kawerengeredwe kameneka akhoza kufika ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo kapena kuonana ndi mlangizi wa chitukuko cha m'midzi wa m'dera lawo. Oweta nkhuku afunsenso mlangizi wa ziweto za kasakanizidwe koyenera asanasinthe chakudya. Popita kukaonana ndi alangiziwa, gulu litenge kope la zolowa ndi zotuluka, malisiti a miyezi itatu yapitayo ndi mitengo ya pamsika ya sabata imeneyo.